Funsani Malume: galimoto zaliwiro zochokera kunja

Makalata a mwezi uno ambiri akufunsa za galimoto zothamanga zija za zitseko ziwiri, zofupika ngati zikukwawa pansi. Ndasankhapo anayi. Ena mwa inu mupeza yankho lanu mkati mwa awa.

Malume, ndine mnyamata wa zaka 29, ndimagwira ntchito pa kampani ina ku Kanengo. Pa intaneti ndaona Nissan Fairlady Z ya 2008 ili ku Japan, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa wa tigalimoto tina tating'ono tatsopanoko. Mtima wanga wagwera pomwepo. Koma mnzanga akuti boma sililola galimoto zoterezi pamsewu pokhapokha utakhala ndi chilolezo chapadera. Kodi n'zoona? Nanga ndiyambire pati? — Madalitso, Area 49

Madalitso mphwanga, mnzakoyo wakuopseza ndi chinthu chomwe kulibe, n'kusiya chomwe chilipo. Malamulo athu alibe gulu lapadera la galimoto zaliwiro. Kwa a Malawi Revenue Authority (MRA), Fairlady Z ndi galimoto yonyamula anthu basi. Iwo amafuna kudziwa kukula kwa injini, chaka chomwe galimoto inapangidwa ndi mtengo wake. Nawonso a Road Traffic amafuna kuona ngati msonkho walipiridwa, ngati galimotoyo si yakuba, komanso ngati ili bwino moti n'kuyenda pakati pa anthu. Zikakwana zimenezi, nambala amakupatsa.

Pomwe uyenera kuchenjera ndi pa msonkho, ndipo apa ndichedwepo chifukwa ndi pomwe anyamata ambiri amagwera.

Galimoto ikamalowa m'dziko muno imakumana ndi misonkho itatu: dyute, excise ndi VAT. Siiwerengedwa payokhapayokha ayi, imasanjikizana. Poyambira pake ndi mtengo womwe akasitomu amautcha CIF, kutanthauza mtengo wogulira galimoto, kuphatikizapo inshuwalansi ya paulendo ndi ndalama zonyamulira. Dyute amaiwerengera pa mtengo umenewo. Excise amaiwerengera pa mtengowo ataphatikiza kale dyute. VAT imabwera pomaliza, pamwamba pa zonse.

Tiye tiyese ndi manambala ongophunzirira. Tinene kuti CIF yakwana K20,000,000, dyute ndi 25 peresenti, excise ndi 50 peresenti, VAT ndi 16.5 peresenti. Dyute ikhala K5,000,000, ndipo tafika pa K25,000,000. Theka la imeneyi ndi K12,500,000, ndiye excise yako, tafika pa K37,500,000. VAT pamenepo ikhala K6,187,500. Msonkho wonse wakwana K23,687,500, kuposa mtengo wa galimoto yomweyo. Manambalawa usawatenge kupita nawo ku banki, chifukwa maperesenti enieni amasintha nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, ndipo m'zaka zaposachedwapa kunabweranso njira yoti galimoto zina zogwiritsidwa kale ntchito zizilipira msonkho woikidwiratu malinga ndi injini ndi zaka zake. Chomwe ndikufuna uone ndi momwe misonkhoyi imaberekerana.

Tsono excise ndi yomwe imaluma galimoto ngati yakoyi. Injini ikakula, excise imakwera. Galimoto ikakalamba, imakweranso. Fairlady Z ya 2008 ili ndi injini ya 3,498cc, ndipo zaka zake zapitirira 15. Mbali zonse ziwiri yagwera kolemera. N'chifukwa chake ku Japan ikuoneka yotchipa koma m'misewu ya Lilongwe suiona kawirikawiri. Ku Kenya galimoto yopitirira zaka 8 sailola n'komwe kulowa. Kwathu kuno khomo silitsekedwa chotero, koma msonkho ndi umene umagwira ntchito ya mlonda.

Ukadandifunsa ine, ndikadati yang'ananso Toyota 86, yomwe inayamba kupangidwa mu 2012. Injini yake ndi ya 2,000cc, ndi yatsopanoko, ndipo kukoma kwake pokhota sikuchepa. Subaru WRX za ku Japan nazo zambiri ndi za 2,000cc, ndipo zili ndi zitseko zinayi moti tsiku lina ukadzakwatira sudzavutika ponyamula apongozi. Koma ndalama ndi zako, ndipo ndikudziwa kuti mtima ukakonda chinthu sumva za cc.

Choyamba kuchita n'ichi: usanatumize ngakhale dola imodzi, tenga dzina la galimoto, chaka chake, kukula kwa injini, nambala ya chasisi ndi invoyisi yomwe wogulitsa wakutumizira, upite nazo ku ofesi ya MRA kapena kwa ejenti wokiliya katundu amene ali ndi layisensi ya MRA. Akuwerengere msonkho, ulembe papepala. Udziwenso kuti akasitomu sakakamizidwa kukhulupirira invoyisi yako. Akaona kuti mtengo wolembedwawo ndi wotsika mokayikitsa, ali ndi mphamvu yoika mtengo wawo. Wina akakuuza kuti akulembera invoyisi yachiwiri ya mtengo wochepa, mukane. Umenewo ndi mlandu pansi pa lamulo la Customs and Excise Act, chindapusa chake n'chowawa, ndipo galimoto itha kulandidwa.

Usaiwalenso kuti msonkho umawerengedwa m'makwacha potengera mtengo wa ndalama zakunja pa nthawi yomwe ukukiliya, osati tsiku lomwe unagula. Amene anali ndi galimoto panyanja mu November 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, anapeza msonkho wawo wafufuma galimoto isanatsike n'komwe m'sitima. Pakati pa kulipira ku Japan ndi kufika pa chipata pamadutsa masabata angapo. Sunga ndalama yapadera yoyembekezera zoterezi.

Ndinaonapo galimoto ina yofiira, ya zitseko ziwiri, itaima m'bwalo losungira galimoto zosakiliya. Matayala awiri anali ataphwa, udzu utamera kuzungulira mawilo, utoto wa padenga utayamba kusuwa ndi dzuwa. Pagalasi lakutsogolo panali pakuonekabe manambala a choko olembedwa ku doko. Mwini wake anali mnyamata wa msinkhu wako, ndipo ndalama zake zonse zinathera pogula ndi ponyamula. Ndalama zosungira zimawerengedwa tsiku ndi tsiku, ndipo katundu akakhalitsa osakiliyidwa MRA imamugulitsa pa okushoni. Sindifuna zimenezi zikuchitikire.

Za njira: galimoto zambiri za ku Japan zobwera ku Lilongwe zimatsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kudutsa Mbeya, kulowa pa chipata cha Songwe ku Karonga. Zina zimadzera ku Durban kapena ku Beira n'kulowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Mapepala oti usawataye ndi invoyisi, bill of lading ya sitima, ndi export certificate ya ku Japan yosonyeza kuti galimotoyo inachotsedwa m'kaundula wa kumeneko. Pempha wogulitsa akutumizirenso auction sheet, pepala la ku okushoni lofotokoza momwe galimotoyo ilili. Ukaona pakona pake palembedwa R kapena RA, dziwa kuti galimotoyo inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo pa galimoto zothamanga zimenezi si zachilendo.

Galimoto ikangofika m'manja mwako, tsegula boneti, pukuta fumbi ndi kansalu, uwunike ndi tochi ya foni pomwe panadindidwa nambala ya chasisi. Uiwerenge chilembo ndi chilembo poyerekeza ndi mapepala onse. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zimakhala ndi nambala yaifupi, monga yoyamba ndi Z33 pa Fairlady yakoyo, osati ya zilembo 17 ngati za ku Ulaya ndi ku America, ndiye zimenezo zisakudabwitse. Koma chilembo chimodzi chikasiyana, ukonzetse pomwepo ejenti asanalowetse zinthu mu kompyuta ya akasitomu yotchedwa ASYCUDA, chifukwa cholakwika chikalowa m'menemo chimakutsata mpaka ku Road Traffic.

Ukalipira msonkho, MRA imatulutsa Customs Clearance Certificate. Kenako apolisi a nthambi ya Interpol amaiona galimoto kuti atsimikize kuti siikufunidwa kwina. Ukatero upita ku Directorate of Road Traffic and Safety Services ndi khadi lako la traffic register, galimoto ikayezedwe, ipatsidwe COF (chiphaso chosonyeza kuti ili bwino kuyenda pamsewu), ilembedwe mu kaundula wa pa kompyuta wotchedwa MalTIS, utenge nambala ndi blue book. Inshuwalansi ya third party ndi yokakamiza mwalamulo. Pa galimoto ngati iyi ndingakulangize comprehensive, yomwe imalipiranso galimoto yako ikawonongeka, ngakhale ikwere mtengo, chifukwa nyali imodzi yokha ikasweka sudzaipeza m'mashopu a masipeya a ku Biwi, udzachita kuitanitsa kunja.

Malume, mwana wanga wamwamuna ali ku Texas ndipo akufuna kutumiza Ford Mustang yake kuno, akuti adzaipeze akadzabwera. Chiwongolero chake chili kumanzere. Anthu ena akundiuza kuti popeza ndi mphatso kwa mayi ake, msonkho sitilipira. Ndithandizeni, ine za galimoto sindizidziwa. — Mayi a ku Area 12

Mayi, zikomo polemba musanavomere. Mawu oti mphatso siilipira msonkho ndi abodza. Galimoto yopatsidwa mwaulere akasitomu amaiikira mtengo n'kuwerengera msonkho ngati yogula. Ikabwera m'dzina lanu, wolipira ndi inuyo. Ndipo ngati ili Mustang GT ya 2011 kapena yatsopano kuposa apo, injini yake ndi ya 5,000cc, yomwe ili m'gulu lolipira kwambiri.

Mwina anthuwo amvera za mwayi womwe umaperekedwa kwa Amalawi obwerera kwawo atakhala kunja. Mwayiwo ulipodi, koma ndi wa mwana wanuyo, osati wanu. Iye ayenera kukhala akubwerera kudzakhazikika, osati kudzacheza pa Khirisimasi, ndipo galimotoyo ikhale kuti inali m'dzina lake ndipo ankaigwiritsa ntchito kwa chaka chathunthu asananyamuke. Adzafunsidwa umboni: pasipoti, mapepala a umwini a ku America, makalata osonyeza kuti ntchito kapena sukulu yatha. Ikalowa mwa njira imeneyi sangaigulitse kapena kuipereka kwa wina mwachisawawa osadziwitsa MRA, apo ayi msonkho womwe unakhululukidwa uja umadzuka. Ndiye muuzeni asafulumire kutumiza galimoto iye akadali komweko. Ayambe walembera MRA, afotokoze tsiku lomwe akubwera, amve zoyenera kuchita.

Tsono za chiwongolero. Apa ndikupemphani chinthu chimodzi: galimoto isanakwere sitima, mwana wanu akhale ndi yankho lolembedwa lochokera ku Road Traffic lonena kuti galimoto ya chiwongolero cha kumanzere imeneyo adzailembetsa, komanso zomwe ayenera kusintha. Yankho la pakamwa la munthu wokumana naye pakhonde silidzamuthandiza tsiku lolembetsa. Chimodzi chodziwikiratu ndi nyali zakutsogolo. Za ku America zinapangidwa kuti ziziwalira kudzanja lamanja, komwe ndi kumphepete kwa msewu wawo. Kuno timayenda kumanzere, ndiye nyali zomwezo zimalasa m'maso mwa amene akubwera kutsogolo. Ziyenera kusinthidwa.

Koma ngakhale mapepala onse atatheka, ine monga kholo mnzanu sindingasangalale kuona mwana wanga akuyendetsa galimoto yotere pa M1. Taganizirani ali kumbuyo kwa thiraki pakati pa Nathenje ndi Dedza, msewu wa mbali ziwiri zokha. Dalaivala wakhala kumanzere, kufupi ndi udzu. Kuti aone ngati kutsogolo kukubwera basi, ayenera kutulutsa pafupifupi galimoto yonse mu mzere wake. Amene wakhala pampando wa pasenjala ndi amene amayamba kukumana ndi zobwerazo. Onjezanipo mphamvu za injini ija ndi magazi a unyamata.

Pali njira ina yabwino. Kuyambira 2015 kampani ya Ford inayamba kupanga Mustang za chiwongolero cha kumanja ku fakitale komweko, ndipo zimagulitsidwa ku South Africa, ku UK ndi ku Australia. Ngati mtima wake uli pa Mustang basi, agulitse ya ku Texas, adzafune ya kumanja. Angodziwa kuti akatero mwayi wa obwerera kwawo uja sudzakhudza galimoto yatsopanoyo, popeza sadzakhala atakhala nayo chaka. Asankhe ataziika zonse pa sikelo. Ndipo akamagula ya ku UK aonetsetse pa mbiri yake ngati siinalembedwe Category S kapena Category N, zomwe zimatanthauza kuti a inshuwalansi anaitaya itachita ngozi.

Malume, ndimakhala ku Johannesburg koma tsopano ndikufuna kubwerera. Ndili ndi BMW M3 ya nambala za GP, za ku Gauteng. Anzanga amangolowa ndi TIP n'kumayenda nayo m'tauni miyezi ndi miyezi. Bwanji nanenso ndisatero, m'malo molipira msonkho wonsewo? — Yamikani, kwathu ku Kawale

Yamikani, TIP ndi chilolezo cha kanthawi, cha munthu amene galimoto yake ikulowa kudzacheza ndipo idzatulukanso. Pa pepalalo pamalembedwa tsiku lothera. Likadutsa tsikulo usanawonjezere masiku ku MRA kapena kutulutsa galimoto, ndiye kuti ukuyendetsa katundu wozembetsa msonkho, ndipo pa rodibuloko iliyonse atha kuigwira. Kuigulitsa ili pa TIP ndi mlandu winanso, womwe umapweteka ndi wogula yemwe. Anzakowo sanagwidwe chabe. M3 si galimoto yobisika, ikadutsa pa Area 18 aliyense amatembenuka.

Popeza ukuti ukubwerera kudzakhala, werenga zomwe ndayankha mayi a ku Area 12 pamwambapa. Ngati wakhala kunja nthawi yokwanira ndipo galimotoyo yakhala m'dzina lako chaka chathunthu, mwina ndiwe mwini wake wa mwayi umenewo, ndipo palibe chifukwa chozembera. Vuto lomwe ndimaliona kwa abale athu a ku Joni ndi loti galimoto anagula ndi ndalama zawo koma inalembedwa m'dzina la mnzawo wa komweko chifukwa cha mapepala okhalira m'dzikomo. Zikakhala choncho, pamaso pa akasitomu galimotoyo si yako.

Ntchito yaikulu uichite usanachoke ku South Africa. Ngati unagula pa ngongole ya banki, imalize, banki ikupatse kalata ndi pepala lenileni la umwini. Kenako pita nayo ku polisi ya kumeneko ukatenge SARPCCO clearance, chikalata chomwe apolisi a m'maiko a kuno kummwera kwa Africa anagwirizana kuti chizitsimikiza kuti galimoto yowoloka malire si yakuba. Popanda chimenechi a Interpol ku Area 30 sadzakupatsa chilolezo chawo, ndipo popanda chawocho a Road Traffic sadzakulembera. Ukafika kuno wopanda chikalatachi, kuchitsatira uli ku Kawale ndi chintchito chosautsa. Onanso pa pepala lolembetsera ngati galimotoyo si ya Code 3, yomwe ndi yomangidwanso itaphwanyika. Ku Gauteng galimoto zimabedwa kwambiri, ndiye usadabwe apolisi akamakanda pa nambala ya injini ndi ya chasisi mofatsa kuposa momwe amachitira ndi galimoto zina. Ngati unasinthapo injini, onetsetsa kuti nambala yatsopanoyo inalowa m'mapepala kumeneko.

Malume, ndapeza Subaru ina ku Japan yomwe mwini wake ankathamangitsa pa mipikisano. Anaitsitsa, anaika ekizozi yaikulu, mipando yakumbuyo anachotsa n'kuikamo zitsulo. Kodi ingapase COF? — Chikondi, Biwi

Chikondi, funso loyamba kwa wogulitsayo likhale lakuti: kodi galimotoyi ili ndi export certificate? Galimoto zina za mpikisano zinachotsedwa kalekale m'kaundula, zina sizinalembetsedwepo n'komwe. Yopanda pepala limeneli isiye, ngakhale itatchipa bwanji, chifukwa ulibe poyambira.

Ngati pepalalo lilipo, choyang'ana ndi zomwe woyeza adzafuna kuona. Mabuleki onse agwire, ndi handibuleki yomwe. Nyali, maindiketa, hutala ndi mawaipa zigwire ntchito, malamba apampando akhalepo, magalasi oonera kumbuyo akhale onse. Matayala akhale a mapanda, osati osalala aja a pa bwalo la mpikisano, omwe mvula ya January ikagwa amasanduka sopo. Ekizozi ikhale ndi sailensa yogwira ntchito, chifukwa lamulo la pamsewu sililola phokoso lopyola muyeso, ndipo ngakhale utapasa COF wapolisi wapamsewu atha kukuimitsa pa chifukwa chomwecho. Chiwerengero cha mipando chomwe chidzalembedwe mu blue book chigwirizane ndi mipando yomwe ilimodi. Uwauzenso a inshuwalansi zonse zomwe zinasinthidwa, chifukwa ukabisa, tsiku la ngozi adzapeza pokanira.

Popeza ndiwe wa ku Biwi, zotsalazi uzimvetsa msanga. Injini za turbo zoterezi ku Japan zimamwa petulo wa octane yokwera, amene kumeneko ali ndi pampu yakeyake. Kuno petulo pa filling station ndi wa mtundu umodzi, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ngati mwini wakeyo anasintha kompyuta ya injini kuti itulutse mphamvu zambiri, pa petulo wathu iyamba kugogoda, ndipo mapisitoni a Subaru sapirira kugogoda nthawi yaitali. Upeze wodziwa kuibwezera pa mapulogalamu ake a ku fakitale usanayambe kuiponda.

Kutsika kwakeko ndi nkhani inanso. Toyota 86 yosasinthidwa imatalikira pansi ndi masentimita 13 okha, ndiye yotsitsidwa dala ingatsale ndi angati? Kuchokera ku Songwe kudzafika ku Lilongwe pali mahampu pafupifupi pa tireding'i senta iliyonse, pali mapiri a Chiweta, pali malo okumbika. Ndinaonapo bampa yakutsogolo itang'ambika pakati, kachidutswa kake kakulendewera pa waya, galimoto isanakwanitse ndi tsiku limodzi m'dziko muno. Lipira kariya, thiraki yonyamula galimoto, ikunyamulire kuchokera ku doko, ndipo m'buti mwake muikidwiretu masipuling'i ake oyambirira ngati wogulitsayo akadali nawo. Umupemphenso ekizozi yakale ndi mipando yakumbuyo ija, azilembe pa invoyisi kuti akasitomu asadzaziyese katundu wobisa. Kuzigula padera pambuyo pake kudzakudyera ndalama zonyamulira kachiwiri, ndi msonkho wake pamwamba.